Chidakwa Chimamwa Ngakhale Chitaima

Loweruka, pa 4 Malichi

Achimwene,

Amene analipo lero pamene galimoto imalowa pageti ndi awa: amayi, achemwali, alamu, antchito anayi oumba mabuloko, amakaniko a kuseri kwa msika, ndi ine. Nthawi inali 10:20 m'mawa.

Landirani moni. Kuno tili bwino, kaya inu pasitima paja. Amayi mwendo wa kumanzere ukukokabe, koma dzanja layamba kugwira kapu. Ndikulemba kalata chifukwa mawu a pafoni amauluka, komanso inu mukakhala pakati pa nyanja simupezeka.

Pikapu mwatumizayi ndi yaikulu, achimwene. Tachita kuzula nsanamira imodzi ya geti kuti ilowe. Amayi tawaikira mabuloko awiri kuti apondepo pokwera. Atakhala pampando anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Iyi ndi galimoto kapena nyumba? Akanangoikamo bedi ndisamukiremo." Asangalala kwambiri, ndipo akuti ndikuthokozereni.

Masana ndinapita nayo pomwetsera mafuta ndi ndalama mudatumiza zija. Pofika malita 60, mayi wa papampu anawerama kuona ngati ikutaya pansi. Pofika 80 anandifunsa kuti, "Bambo, mwabisamo mgolo?" Pampu inadula pa malita 91. Nditafotokoza payadi, antchito anaipatsa dzina pompo. Akuti ndi Chidakwa.

Ndili ndi pempho limodzi. Ndamva kuti achemwali akufuna kugulitsa kapikapu kakale. Chonde kasagulitsidwe msanga. Ndakayendetsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kope mwanga mukuonetsa kuti kamamwa malita 9 pa makilomita 100, katanyamula. Iyi sindinaidziwe. Mundipatse miyezi iwiri ndiione kamwedwe kake.

Ndine mng'ono wanu.

*

Pa 27 Malichi, padoko

Mphwanga Kalaliki,

Moni nonse. Amayi uwauze kuti ndikuwaganizira tsiku lililonse. Kalata yako ndaipeza kuofesi ya padoko titangokocheza. Iwe sudzasintha. Munthu kumutumizira galimoto ya mtengo wa nyumba, iye n'kuyankha ndi masamu. Dzina la Kalaliki tinakupatsa lija unalikhala ndithu.

Tamvera. Galimotoyo ndinaiyendetsa ndekha masabata awiri a tchuthi changa ndisanaitumize. Misewu ya kuno ndi yotakata, yosalala, umangoponda n'kumaimba nyimbo. Pepala la kampani limanena malita 11 pa makilomita 100, ndipo ine ndinaona zomwezo ndi maso angawa. Ndiye malita 100 ndi makilomita 900. Iwe pa mwezi sungafike 900, pokhapokha uyambe kunyamula zibwenzi. Choncho ndizitumiza kwa achemwali ako ndalama ya malita 100 mwezi uliwonse, ndipo otsala azikhala ako.

Kapikapu kakale ndinalamula kale kuti kapite. Kankatichititsa manyazi, utsi ngati tikuotcha matayala. Munthu akamagula mabuloko amayamba waona galimoto yowabweretsa.

Za amayi ndibwerezenso zimene ndinauza achemwali ako pafoni. Lachiwiri ndi Lachisanu akamadikira nambala yawo kuchipatala, asakhalenso pabenchi padzuwa. Azikhala m'galimoto, eyakoni ikuzizira, mpaka awaitane. Ili ndi lamulo, si pempho.

Undilembere mmene bizinesi ikuyendera, koma manambala achepe.

Mkulu wako.

*

Pa 24 Epulo

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Ife bwinobwino. Kalatayi ndikuijambula ndikutumizireni pafoni kuti muione musananyamuke, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ine sindikonda kunena za munthu, mukudziwa. Koma mafuta a mwezi uno atha pa 19. Bambo a ana anakaona pa mita, galimoto siinayende ngakhale makilomita 500 kuchokera pa 1. Inu munati 900. Nanga ena aja apita kuti? Mwezi watha zinalinso chimodzimodzi, ndinangokhala chete poopa kuyambanitsa abale.

Tsono dzulo mayi wogulitsa makala uja wandiuza kuti wamuona Kalaliki wanuyu kawiri konse ali ndi chigubu cha malita 20 pa njinga. Chigubu, achimwene! Ndipo aliyense akudziwa kuti akufuna malata a nyumba yake ija. Ine sindikunena kuti akuba. Ndikungonena zimene anthu akuona. Ukamufunsa, amangotulutsa kakope kake kaja n'kuyamba kuwerenga masiku ngati m'bwalo la milandu. Ndani ali ndi nthawi yomvera zimenezo?

Bambo a ana laisensi ali nayo, ndipo masiku ano sakutanganidwa. Ndangotchula.

Ngati zingatheke muonjezereko pang'ono ya simenti, yakwera.

Mlongo wanu.

*

Lachiwiri, pa 2 Meyi

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino, sabata yatha anayenda kuchokera pakhomo kukafika pageti osagwira ndodo.

Munati manambala achepe. Pepani, lero achuluka. Payadi pano antchito ayamba kundifunsa moseka kuti, "Kalaliki, lita mukuchita zingati lero?" Sindikudziwa kumene achokera mawu amenewa, koma ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine.

Mmene ndimayezera ndi motere. Ndimadzaza thanki mpaka pampu idule yokha, n'kulemba nambala ya pa mita. Ndikayenda ndimabwerera pa pampu yomweyo, n'kudzazanso mpaka idule. Amene alowa ndiwo amene yamwa. Singano yoonetsa mafuta sindiikhulupirira.

Mu Epulo ndayenda makilomita 650. Pa amenewa, 300 ndinali nditanyamula mabuloko kapena mchenga, ndipo ikalemedwa imamwa malita 20 pa 100. Apo pali malita 60. Otsala 350 inali yopanda katundu, koma m'misewu ya maenje ndi pamzere wa magalimoto pamsika imamwa 15 pa 100. Apo pali malita 52.

Chinanso ndi ichi, chimene pepala la kampani silinakuuzeni. Chidakwa chimamwa ngakhale chitaima. Lachisanu pa 14 Epulo ndinadzaza pa pampu ya pafupi ndi chipatala. Ndinaima pamalo oimika magalimoto maola atatu, injini ikulira kuti eyakoni izizire monga munalamulira, amayi akuwodzera kumbuyo. Nditadzazanso analowa malita 6. Mita siinasunthe, koma mafuta anapita. Mu Epulo tapita kuchipatala kasanu ndi katatu, maola odikira 23, malita 46.

Mukaphatikiza 60 ndi 52 ndi 46, ndi malita 158. Inu munatumiza a 100.

Ena 58 ndinagula ine, pa ndalama ya malata. Mu Malichi ndinagula 37. Thanki ikauma galimoto ili payadi, ndimatenga njinga ndi chigubu kukawagula, kuti amayi asaphonye tsiku lawo. Sindinakuuzeni chifukwa ndimafuna miyezi iwiri ikwane kaye, ndibwere ndi masamu athunthu. Malisiti onse ali m'envulopu.

Inu munaiyendetsa ili yokha pa msewu wosalala. Simunaname. Koma kuno ikugwira ntchito ina.

Ndine mng'ono wanu.

*

Pa 27 Epulo, padoko (inafika kunyumba pa 13 Meyi)

Kwa achemwali, kuti muwerengere onse,

Ndaona zimene mwalemba ndipo mtima wanga wawawa. Mawa tikunyamuka, tikakhala panyanja masabata asanu ndi awiri, ndiye ndinene mwachidule.

Kalaliki, ine ndimagona m'kachipinda kopanda zenera, ndikudya mchere wa m'nyanja, kuti inu kumeneko mukhale anthu. Iwe n'kumapopa mafuta m'thanki usiku ndi usana? Ukanandipempha malata sindikanakupatsa? Sukulu unalekera panjira, koma masamu akuba unawamaliza.

Makiyi upereke kwa alamu ako tsiku limene kalatayi ifike. Kope lako ukasunge kwanu. Za iwe tidzakambirana ndikadzabwera.

Ndatha.

*

Loweruka, pa 13 Meyi

Achimwene,

Moni. Ndaona kuti makalata athu anasemphana panjira. Yanga ya pa 2 Meyi mukaipeza padoko.

Yanu yafika lero. Amene analipo powerenga ndi awa: amayi, alamu, antchito anayi, amakaniko amene anabwera kudzabwereka jeke, ndi bambo wina amene anabwera kudzagula mabuloko 200. Achemwali anaiwerenga ataima pakati pa yadi, mokweza. Pa mawu akuti "masamu akuba" anabwereza kawiri, akuti mwina ena sanamve chifukwa cha makina.

Ndapereka makiyi awiri, jeke, sipanala ya matayala, ndi buku la galimoto. Mita ili pa 84,317. Ndinapempha alamu kuti asainire m'kope, anakana, akuti, "Ine si wa boma." Amakaniko anasaina ngati mboni.

Amayi anangofunsa funso limodzi. Anati, "Nanga amene amakhala m'galimotomo maola atatu, bwanji simunamufunse?" Achemwali anati, "Amayi, izi ndi za mafuta, simungazimve." Amayi anati, "Ayi, sindingazimve. Ndinangokubalani."

Kuyambira pa 1 Meyi achemwali amandipatsa ndalama ya malita 10 okha pa ulendo, ndiye pa 9 Meyi ndinaonjezanso 20 anga. Ndalembamo.

Achimwene, mawu anga ndi ochepa, ndipo pa moyo wanga sindinakukwezerenipo mawu. Lero sindiyamba. Koma sindinabe, ndipo sindipepesa. Mukafuna kuti ndipepese kuti m'banja mukhale mtendere, mudikira nthawi yaitali.

Lolemba ndikuyamba ntchito kwa bambo ogulitsa matabwa, amene anagula kapikapu kakale. Akuti amafuna dalaivala amene amakadziwa.

Ndine mng'ono wanu.

*

Pa 12 Juni

Achimwene,

Moni. Musadandaule, palibe amene wavulala kwenikweni. Ndikunena poyamba kuti musamve kwa anthu ena, anthu amawonjezera.

Bambo a ana ayesetsa, achimwene. Eyakoni anasiya kuyatsa, amayi akumadikira mawindo atatsegula, akudzipepa ndi khadi la chipatala. Anagulanso timapiritsi tina pamsika, toponya m'thanki, akuti timachepetsa kamwedwe. Komabe a mu Meyi anatha mwezi usanathe. A Juni tinadzaza pa 1, pofika pa 9 singano inali pa theka. Antchito ayamba kutsokomola iwo akamadutsa. Wina anachita kufunsa kuti, "Bwana, chigubu chanu mumabisa kuti?" Munthu amamva manyazi, mukudziwa.

Ndiye Lachisanu, popita kuchipatala, atafika pa chitsetse chija cholowera pamlatho, anachotsa giya n'kuzimitsa injini kuti iziyenda yokha. Kapikapu kakale ankatero nthawi zonse ndipo sikankavuta. Ndani akanadziwa kuti iyi ukaizimitsa chiwongolero chimauma, mabuleki n'kukhala ngati ukuponda mwala? Inalowa m'ngalande n'kutsamira chikwangwani. Nyali imodzi yasweka, kutsogolo kwapindika, ndipo amakaniko akuti chitsulo china cha ku tayala chakhota.

Amayi anagunda mphumi pampando, pali kachotupa. Koma pakamwa pali bwinobwino. Ali m'ngalande momwemo anauza bambo a ana kuti, "Bambo, mafuta mwasunga. Nanga ine mundisunga liti?" Pamaso pa anthu, achimwene.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, amene anatulukira ndi Kalaliki, ali ndi matabwa pa kapikapu kaja. Anawanyamula amayi n'kuwakhazika kutsogolo. Anangosuzumira pa mita, n'kutulutsa kope, n'kulemba. Kodi ndi umunthu umenewo? Kuyambira mawa ndiye aziwapititsa kuchipatala, akuti abwana ake amulola.

Mutumize ya amakaniko. Komanso mwina ya mafuta muionjezereko. Zikuoneka kuti galimotoyi ili ndi vuto penapake.

Mlongo wanu.

*

Pa 20 Juni, padoko

Mphwanga,

Moni. Takocheza dzulo. Ndapeza makalata ako awiri ndi ya achemwali ako, ndipo ndawawerenga onse nditakhala pa sutikesi. Ya pa 2 Meyi ndaiwerenga katatu. Ndinamuonetsanso mnzanga amene amayang'anira injini za sitima, anaseka, akuti injini yaikulu chotero ikamalira pamalo amodzi imamwadi, ndipo manambala a papepala ndi a galimoto yopanda katundu. Iwenso bwanji osanena msanga? Ukanandiimbira zonsezi sizikanachitika.

Basi, zapita zimenezo. Ndife abale, m'nyumba mawu amatuluka. Ndatumiza ya amakaniko. Ikatuluka ukatenge makiyi kwa alamu ako mwakachetechete, osachititsa munthu manyazi, achemwali ako ali ndi mtima wofooka. Ndikadzabwera ndidzakubweretsera wotchi yabwino.

Amayi chotupa chija chaphwa?

Mkulu wako.

*

Loweruka, pa 1 Julayi

Achimwene,

Moni. Chotupa chinaphwa. Amayi aphonya tsiku limodzi lokha, la pa 9 Juni, chifukwa tinafika nambala yawo itadutsa.

Galimoto inatuluka kwa amakaniko Lachinayi. Lero m'mawa ndinapempha kuti tiiyeze pamaso pa onse. Achemwali anakana, akuti nkhani inatha. Amayi anatenga ndodo yawo n'kukaima pambali pa chitseko cha galimoto, anati, "Ndiikireni mabuloko anga, ndikwere. Amene watopa ndi nkhaniyi atsale." Palibe anatsala.

Amene analipo ndi awa: amayi, achemwali, alamu, amakaniko, antchito awiri, ndi ine. Ine sindinagwire chiwongolero kapena kope. Anayendetsa ndi alamu, analemba ndi achemwali. Tinapakira mabuloko, tinadzaza mpaka pampu inadula, tinakatula ku sukulu ikumangidwa ija, tinapakira mchenga pobwerera. Makilomita 50. Titadzazanso analowa malita 10. Kenako tinaima pambali ola limodzi, eyakoni ikuzizira, tonse ngati tikudikira adokotala. Analowa malita 2.

Mayi wa papampu anati, "Banja lonse kubwera kudzaonerera galimoto ikumwa? Kwanu kulibe wailesi?"

Achemwali anayang'ana manambala a dzanja lawo lomwe nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye kuti kampaniyo ndi yabodza." Ndinati, "Kampani sinanditchule wakuba, achemwali." Titabwerera payadi, alamu ananditsatira kuseri kwa shedi n'kundiuza kuti, "Alamu, ine miyezi iwiriyi ndaonda. Tengani chinthu chanu." Ndinawauza kuti si changa. Iwo ndilibe nawo mlandu, anangolandira makiyi.

Tsopano za kalata yanu ya pa 20 Juni. Mwati ndikanena msanga. Pa 4 Malichi ndinapempha miyezi iwiri, inu munati manambala achepe. Mwatinso nditenge makiyi mwakachetechete. Achimwene, pamenepo ndiye ayi. Sanandilande mwakachetechete. Bambo uja anabwera kudzagula mabuloko 200 sindikumudziwa dzina, koma iye akundidziwa ine kuti ndine wopopa mafuta. Mkazi wanga pamsika akumufunsa ngati malata tagula. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa ngati ndi zoona.

Wotchi musavutike, nthawi ndimaidziwa. Chimene ndikufuna ndi kalata ya dzanja lanu, yonena kuti mng'ono wanu sanabe mafuta. Mizere iwiri ikwana. Aiwerenge achemwali, pakati pa yadi pomwe paja, Loweruka, antchito onse alipo, makina atazimitsidwa. Tsiku limenelo ndidzatenga makiyi. Lisanafike, ali pa msomali m'chipinda cha amayi, ndipo akuti amene akuwafuna adzawapemphe kwa iwo.

Amayi musawadere nkhawa. Lachiwiri ndi Lachisanu ndikuwapititsa ndine, ndipo ndinapeza malo pansi pa mtengo kuseri kwa chipatala pamene pamadutsa kamphepo. Mabuloko akunyamulidwa ndi lole ya hayala, achemwali akulipira pa ulendo. Akudandaula, koma akulipira.

Mukafuna Chidakwa chigwirenso ntchito imene chimagwira, muzitumiza ya malita 160 pa mwezi. Mukaona kuti ndi yambiri, chigulitseni kwa munthu wokhala kumene kuli misewu yosalala, tigule yaing'ono. Galimoto ndi yanu, mulamula ndinu. Koma dzina laipitsidwali ndi langa.

Mafuta amene ndinathira ndi ndalama yanga ndi awa. Malichi, malita 37. Epulo, malita 58. Meyi, malita 20. Lero poyeza, malita 12, chifukwa achemwali anati kuyezako ndinakufuna ndine. Malisiti ali m'envulopu, amakaniko awaona.

Onse pamodzi ndi malita 127. Sindinabwezeredwe ngakhale lita imodzi.

Ndine mng'ono wanu.